Magalasi a pa Msomali

Gulu: Agogo, Febe ndi Wannes

LACHIWIRI

08:52 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:56
Febe, mwamuna wako wayambanso. Ndili m'khitchini muno koma khoma langa likuphethira buluu ngati pakhomo paima galimoto ya apolisi. Shedi akugwiriramo ntchitoyo malemu agogo ako a Staf anaimanga ndi matabwa a boti lathu, matabwa okhuta phula. Kamoto kamodzi kokha, yapita, ndi nyumba yanga yomwe. Ndinakubwerekani kuti muziikamo njinga, osati kuwotcheramo zitsulo. Ndipo iwe ndi pakati pakopo usakapondeko. Komanso dzulo ndinakuona pa zenera ukuyanika zovala manja ali m'mwamba. Chingwe cha mchombo chidzamukulunga m'khosi mwanayo. Ndanena.

08:55 Febe: mwadzuka bwanji kaye agogo kkkk

08:55 Febe: sindipitako, ndalonjeza. Wannes akungolemba dzina la mwana pa tizitini ta masiwiti

08:57 Wannes: mwadzuka agogo. makina olembera a laser sayatsa nyumba, ndaima pompano, chozimira moto chili pa mwendo pangapa

09:03 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:49
Mayi wa m'foni uyu amene munandiikira kuti azindiwerengera zolemba zanu, akafika pa kuseka kwanuko amangoti ka ka ka ka ngati nkhuku yatsamwa. Ndiye ndimadziwa kuti mukundiseka. Sekani. Ife masiwiti a mwana tinkangowamanga m'kapepala, wobwera kudzaona khanda n'kutenga kake, basi. Inu mpaka tizitini tonyezimira, mpaka dzina lolemba ndi moto wabuluu. Dzina lakelo mukulibisanso ngati mwaba.

09:05 Febe: mwambo ndi wanu womwe agogo, dzina silituluka mwana asanabadwe. ngakhale amayi sitinawauze

09:11 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:33
Chabwino. Iwe Wannes, ndikufunse. Ndikubweretsa khofi m'mawa muja unali ndi magalasi aolenji kumaso, koma pa msomali pali ena obiriwira. Awiriwo ndi a chiyani? Ine diso ndili nalo limodzi, linalo chingwe cha boti chinalimaliza ndili mtsikana. Ndiye za maso ndimafunsa.

09:14 Wannes: obiriwira anabwera mbokosi limodzi ndi makina. aolenji ndinagula padera, anzanga a ku club ya ogwiritsa makinawa anati ndiwo amatchinga buluu

09:14 Febe: ndipo ndinakuuza ugule awiri. ndi chivundikiro cha makina chija

09:15 Wannes: mwana akabadwa. muno ndimakhalamo ndekha, mutu ndili nawo umodzi

09:19 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:12
Ngati obiriwirawo ndi abwino, unaguliranji ena? Ngati ndi oipa, akutani pa msomali?

09:20 Wannes: 👍

09:26 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:08
Mayi uyu akuti wanditumizira chala. Chala si yankho.

LACHINAYI

10:04 Febe: achipatala aimba. azamba akufuna andione lero 11 koloko osati mawa, BP sinawasangalatse

10:05 Wannes: aaa. ndangoyambitsa kulemba tizivundikiro tomaliza ta tizitini. ndikaimitsa pakati zilembo zisemphana, tina tapadera palibe

10:05 Wannes: komanso makina sasiyidwa okha akuyaka

10:06 Febe: itana Korneel

10:06 Wannes: mngono wanga?? awerenga dzina, masana amayi adziwa, madzulo Zelzate yense wadziwa

10:08 Wannes: agogo!! inu ndiye mungatithandize. mungokhala pampando kuyanganira, kukabuka moto mudine batani lofiira

10:08 Wannes: mtauni muno ndinu nokha mungaliyangane dzinalo chinsinsi nkukhalabe chinsinsi kkkk

10:09 Febe: Wannes.

10:09 Wannes: ndikunena mwaulemu

10:15 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:44
Ndamva. Mayi wa m'foni wawerenga zonse, ndi ka ka ka yemwe. Moyo wanga wonse ndayenda ndi manyazi kuti mwana wa m'boti sanaone pakhomo pa sukulu, lero umbuli wanga wapeza ntchito. Pitani. Febe uvale sikafu, kunjaku kuli mphepo ya kumadzi. Iwe Wannes usathamangitse galimoto pa mlatho, wanyamula anthu awiri. Ndiyang'anira. Kuyang'anira ndiye ndimatha.

10:16 Febe: zkm agogo, musamumvere uyu ❤️

10:41 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:21
Ndafika m'shedi muno. Mukumva phokosoli? Mukununkha ngati poto wouma pamoto. Iwe Wannes, magalasi aolenji aja sindikuwaona. Pa msomali pali obiriwira okha.

10:43 Febe: ali pamutu pake agogo, waiwala kuvula 🙄 akuyendetsa

10:44 Febe: akuti valani obiriwirawo, ndi bho

10:46 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:07
Bho ndiye kuti chiyani? Ndi abwino kapena si abwino?

10:48 Febe: akuti ndi abwino, ndi a makina omwewo. tafika, tikuzimitsa mafoni

10:55 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:38
Ndavala. Ndawamanganso ndi lamba wake mpaka makutu akuwawa. M'chipinda monse mwada, mwasanduka ngati pansi pa ngalande, koma kamoto kaja kokha kakuwala ngati sindinavale kanthu. Kakuyenda ngati nyerere pa tizivundikiro, kupita, kubwera. Ndakhala patali. Ndatunga chidebe cha madzi chili pambali pangapa, mphaka ndamutsekera m'nyumba. Ukauze azamba kuti mapazi akutupa, usabise.

11:09 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:16
Febe. Aaa, iwe mwana iwe. Hehe. Ayi, palibe kanthu. Ndisendere pafupi pang'ono, pali chimene ndikufuna ndione bwino.

11:11 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:27
Mayo! Chandimenya m'diso. Kachivundikiro kena kanapendekeka, kuwala kwadumphira kumaso ngati dzuwa likagunda pamadzi, koma kuposa pamenepo. Sizikupweteka. Ndangomva ngati kanthu kathetheka m'kati. Magalasi ndavala, sindinavule, mumve bwino, sindinavule.

11:12 Agogo Zulma waimbira Wannes. Sanayankhe.

11:13 Agogo Zulma waimbira Febe. Sanayankhe.

11:22 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:41
Pali chinthu chakuda pakati pa chilichonse chimene ndikuyang'ana. Ndikayang'ana batani lofiira lija likusowa, ndikayang'ana chitseko ndiye likutulukira kumbali. Sindidina. Moto palibe, ungadzati agogo andionongera tizitini. Ndatembenuza mpando, ndalozetsa msana ku makina, ndikulondera ndi mphuno. Pa boti moto tinkayamba kuumva ndi mphuno.

11:47 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:06
Makina asiya okha. Palibe chapsa.

12:33 Febe: tatuluka. mwana ali bwino, akuti ndizingogona basi

12:38 Febe: agogo ndangomvera mauthenga anu. diso lili bwanji??

12:40 Wannes: zimatha zokha zimenezo agogo, zili ngati kuwala kwa kamera. tsinzinani pangono

12:40 Wannes: tizivundikiro tatuluka bwino?

12:41 Febe: ukufunsa tizivundikiro??

12:41 Febe: agogo tikubwera, tibwerere nanu kuchipatala

12:49 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:30
Chipatala ayi. A Staf analowa m'menemo akuyenda ndi miyendo yawo, anatuluka bwanji? Ndanyowetsa kansalu mu tiyi ndaika pa diso, amayi anga ankatero. Mwamuna wako akuti zimatha, iye ndiye wa sukulu. Iwe ukagone. Ugonere kumanzere.

LACHISANU

07:58 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:52
Febe, wadzuka? Khofi ndathira pambali pa kapu, tebulo lonse lanyowa. Wobweretsa buledi wabwera, ndaona chipewa, ndaona jekete, pakati palibe munthu. Ndamuzindikira ndi chifuwa chake chija. Panopa ladutsa boti pa ngalande, ndamva injini ndathamangira pa zenera. Mutu wake ndauona, matako ake ndawaona, koma amene wagwira chiwongolero, ngati wandikwezera dzanja ngati sanakweze, sindikudziwa. Febe, ine ndikuopa. Ndimafuna ndimuone mwanayu.

08:00 Febe: Wannes akuwoloka msewu pompano. musakane plz

08:00 Febe: Wannes tenga magalasi obiriwira aja adokotala akawaone

08:01 Wannes: ok

08:04 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:14
Adikire kaye ndizimitse gasi. Ndi pulagi ya wailesi. Iwe usatsegulire munthu aliyense tikachoka.

11:30 Febe: zili bwanji?

12:45 Febe: Wannes?

13:36 Wannes: tatuluka kwa adokotala a maso. agogo akhala pa benchi, ine ndikudikira mankhwala awo

13:36 Febe: ndiye?

13:39 Febe: ndikuona ukulemba nkufufuta. nena

13:41 Wannes: kwapsa kuseri kwa diso, pakati penipeni, pamene munthu amaonera nkhope ndi zilembo

13:41 Febe: papola?

13:43 Wannes: kutupa kukatsika mwina chakudacho chichepa pangono. koma akuti pamene papsa papsa, sipamera

13:44 Febe: Mulungu wanga

13:44 Febe: magalasi aja anati chani

13:48 Wannes: anawatembenuza kufuna manambala pa fulemu, palibe cholembedwa. anawaunika ndi katochi kabuluu, kuwala kunangodutsa ngati pa botolo la mowa. akuti amenewa amangodetsa mchipinda, diso nkutseguka kwambiri, buluu nkulowa bwinobwino

13:49 Febe: unkadziwa

13:50 Wannes: ndinkadziwa kuti aolenji ndi abwino KUPOSA. sindinkadziwa kuti enawo ndi zero

13:50 Febe: anakufunsa lachiwiri. unayankha ndi chala

13:51 Wannes: iweyo ndi amene unalemba kuti ndi bho

13:51 Febe: ndinalemba zimene unanena uli ndi magalasi enieni pamutu ngati chipewa!!

13:52 Wannes: ndinaiwala, ndimaganiza za iwe ndi mwana. ukanakonda ndibwerere?

13:52 Febe: ukanadina batani usanachoke. ndi tizitini Wannes. TIZITINI

13:54 Wannes: ine ndinati akhale pampando. anakaweramira chani pa makina? munthu woopa chilichonse

13:55 Wannes: komabe mwamwayi sawerenga, sayendetsa galimoto. kumbali akuona. akanakhala munthu wina zikanakhala zoipa kwambiri

13:56 Febe: walemba pa gulu

13:56 Wannes: 🚫 Uthengawu wafufutidwa

13:56 Wannes: 🚫 Uthengawu wafufutidwa

14:03 Agogo Zulma 🎤 mawu 1:18
Usavutike ndi kufufuta, mwana wanga. Mayi wa m'foni samadikira. Wawerenga mokweza, ndi amayi akhala pambali pangawa amva, afunsa ngati ndiwe mdzukulu wanga weniweni. Ndati ayi, ndi wongokwatira. Mwamwayi. Mawu abwino. Zoona sindiwerenga. Koma ukuganiza munthu wosawerenga amayenda bwanji pa dziko lino? Ine zolemba zanga zinali nkhope za anthu. Wotsegula chipata cha madzi akafuna kutichedwetsa, ndinkaona pa nkhope. Wa kubanki akamandinamiza, pa nkhope. A Staf akamwa n'kumakana, pa nkhope. Febe akadwala ali mwana ndinkadziwa amake asanadziwe. Lero adokotala andiuza za diso langa, sindikudziwa ngati amanena ndi chisoni kapena amaganiza za nkhomaliro yawo. Ndaona kolala yokha. Ndikanakwera basi, koma nambala yake ndinkaidziwa ndi maonekedwe, ndiye sindingathe. Ndikwera galimoto yako. Koma usandilankhule.

14:04 Wannes: agogo pepani, sindimatanthauza choncho

14:04 Febe: akuti usawalankhule

LOWERUKA

09:10 Febe: mwadzuka bwanji agogo

11:32 Febe: katani ya pa zenera lanu simunatsegule lero. muli bwino?

12:15 Febe: ndatumiza supu ya matimati ndi timipira ta nyama, Wannes wasiya pakhomo. akuti wagogoda

16:40 Febe: poto ndamuona walowa mnyumba. ok

LAMULUNGU

10:20 Febe waimbira Agogo Zulma. Sanayankhe.

10:26 Febe: mwana akukankha kwambiri lero. mukanaika dzanja

15:02 Wannes: 📷 chithunzi

15:02 Wannes: agogo ndagula magalasi aolenji achiwiri, a manambala, ndi bokosi lotchinga makina onse. ndapita kukatenga ndekha

15:30 Wannes: ndalembanso pa gulu la ku club kuti aliyense ataye obiriwira a mbokosi

LOLEMBA

08:31 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:10
Magalasi achiwiriwo wagulira ndani? Ine diso lachitatu ndilibe.

08:34 Wannes: ndiye ndigulitsa makinawo. sindikufunanso kuwaona

08:42 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:47
Sukufuna kuwaona. Uli ndi mwayi, iwe umasankha zoti uone. Ugulitsa kwa ndani? Kwa wina amene alinso ndi agogo ake osawerenga? Makina sanandinamize ine, anangochita ntchito yawo. Obiriwira aja usawafunefune, ndinawatola m'galimoto mwako ndikutsika. Dzulo ndawaphwanya pa mwala ndi hamala ya a Staf. Ndimaphonya, poti ndikawayang'ana amasowa, ndamenya chala changa chomwe. Koma aphwanyika. Msomali uja ndazulanso.

08:45 Febe: agogo chala chili bwanji

08:45 Febe: ndibwere?

08:50 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:09
Azamba anati ugone. Gona.

14:18 Febe: masiku onsewa simunandichenjeze kalikonse

14:19 Febe: mmawa ndinayanika zovala dala, manja mmwamba, pa zenera penipeni

14:37 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:04
Sindinakuone.

LACHITATU

06:48 Wannes: matenda ayamba, tikupita kuchipatala

06:52 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:35
Chikwama mwatenga? Masokosi aubweya ali m'thumba lakumbali, ndinaika ine. Febe, umasule tsitsi, usamange mfundo iliyonse pathupi. Usawalole akusiye wekha m'chipinda. Ukakuwa kuwa, usachite manyazi, amako ndinawabereka pa boti pakati pa zipata ziwiri zamadzi, ndinakuwa mpaka ng'ombe za kumtunda zinathawa. Iwe woyendetsa, pa mlatho pang'onopang'ono.

06:53 Febe: mwabwerera ❤️

09:40 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:05
Bwanji kumeneko?

11:15 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:11
Ndayatsa kandulo. Ndaiika mu sinki, musadandaule. Nenaniko kanthu.

13:27 Wannes: wachira!! mwana wamkazi, onse ali bwino

13:29 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:19
Ambuye zikomo. Zala wawerenga? Walira bwino? Febe magazi asiya? Mupatseni chakumwa chotentha. Musamuike mwana pafupi ndi zenera.

14:50 Febe: 📷 chithunzi

14:50 Febe: chidzukulutudzi chanu agogo

14:52 Febe: ena onse tiwauza madzulo, koma inu muyambe kumva. dzina lake ndi Zulma

15:06 Febe: agogo?

15:07 Febe: mwamva?

15:21 Agogo Zulma 🎤 mawu 1:52
Ndamva, mwana wanga. Ndinadziwa kale. Ndadziwa kuyambira tsiku lija la m'shedi. Pa dziko lonse lapansi pali mawu amodzi okha amene ndimatha kuwerenga. A Staf atagula boti analitcha dzina langa, analemba kutsogolo mbali zonse ziwiri ndi penti yoyera. Chaka chilichonse dzinja likatha ine ndi amene ndinkabwerezamo penti, nditalendewera pa thabwa, madzi ali pansi. Chilembo choyamba chokhota ngati mphezi, chachiwiri ngati kapu, kenako ndodo, kenako mapiri awiri, chomaliza ngati denga la nyumba. Zala zanga zikulidziwa. Ndiye tsiku lija ndili pa mpando patali, ndikuona kamoto kaja kakulemba mphezi. Ndinati, n'zongofanana. Kenako kapu. Mwamuna wako anafunsa kuti munthu woopa chilichonse anakaweramira chiyani pa makina. Umuuze. Ndinafuna ndione ngati pabwera ndodo ndi mapiri awiri. Ndinali ndi magalasi kumaso, munandiuza kuti ndi abwino, ndiye ndinawerama. Ndodo ndinaiona. Mapiri sindinawaone. Sindinauze munthu, ngakhale amako, ngakhale adokotala atandifunsa. Munkafuna wosunga chinsinsi, ndasunga.

15:24 Febe: agogo ndikulira. anesi akundifunsa

15:25 Febe: timafuna tikudabwitseni

15:33 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:58
Usalire, mkaka ungathawe. Dzinalo ndalilandira, zikomo. Ndi lolemera kwa kamwana, koma akula nalo. Chithunzi ndatsegula. Bulangete loyera la timizere ndikuliona. Dzanja lako ndikuliona, ndi kachingwe ka chipatala pamkono. Kachipewa koluka kaja ndi kanga, ndakazindikira. Pakati pake pali bowo. Ndayesa kupendeketsa foni, ndayesa kuyang'ana ku khoma kuti mwana abwere kumbali monga anandiphunzitsira adokotala. Kukungobwera kanthu kofiirira, ngati buledi. Usanditumizirenso zithunzi. Undiuze ndi pakamwa. Mphuno ndi ya ndani? Usandinamize, pa mawu ndimamvabe.

15:36 Febe 🎤 mawu 0:24
Mphuno ndi ya Wannes, agogo, pepani. Chibwano ndi chanu, cha kamphako kaja. Tsitsi lakuda, lambiri. Maso watsegula kamodzi, akuyang'ana chilichonse ngati sakuchikhulupirira. Wakwinya pamphumi ngati akufuna kutichenjeza.

15:40 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:13
Ameneyo ndi wanga. Akadzafunsa funso mudzamuyankhe, osati chala.

15:48 Wannes: agogo, ndinanena kuti ndi abwino ndisakudziwa. pepani

16:02 Wannes: tizitini sindigawa, nditaya tonse

16:11 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:26
Utaye? Tizitini timeneto ndi todula kuposa chilichonse m'nyumba mwanu. Ugawe tonse, aliyense wobwera atenge. Kali kamodzi kolembeka mopendama, mapiri ake anatsetserekera m'mphepete. Kameneko usapatse munthu. Ndi kanga.

LACHISANU

10:12 Febe: atitulutsa mawa. tibwere naye lamulungu masana mudzamunyamule?

10:13 Febe: tonse atatu

10:31 Agogo Zulma 🎤 mawu 0:29
Mubwere. Umufunde bwino, pa msewu pali mphepo. Ndisamba m'manja ndi madzi otentha, ndimuyendetse zala pa nkhope, ndidziwe chibwanocho ndekha. Katani nditsegula. Wannes adikire panja. Ali ndi maso awiri, atha kuonera pa zenera.

10:32 Wannes akulemba…

10:36 Wannes akulemba…